Kakapu ka uchema ndili ndi pakati, pali vuto?

Make Chisomo, Ngabu: Ndili ndi pakati pa miyezi 5. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno, apongozi amandipatsa kakapu ka uchema wam'mawa, ati wotsekemerawo si mowa. Iwo ankamwa pa mimba zawo zonse. Ndikane bwanji?

Anamwino, Nchalo: Mayi, uchema umayamba kusasa ukangogwera m'chigubu pamtengo, ngakhale ukadali wozuna. Mowa umalowa m'magazi anu n'kudutsa mumchombo kukafika kwa mwana, ndipo chiwindi chake sichinakhwime moti n'kuuchotsa. Ubongo wake umakula miyezi 9 yonse. Ana ena amabadwa ochepa thupi, ena vuto limadzaonekera kusukulu, kuiwalaiwala ndi kusakhazikika, ndipo silichira. Palibe mlingo umene madokotala amati ndi wabwino. Lekani lero, mukanenenso kusikelo.

Bambo a Yamikani, Bangula: Thobwa logonera masiku nalonso musamale nalo, limaluma.

Nachisale, Nsanje: Achemwali, apongozi musakangane nawo. Ine ndinkangoti akuchipatala andiletsa, n'kuviika malambe m'madzi amumtsuko. Tsiku lasikelo apiteni nawo akadzimvere okha.