Tikufuna kuperekeza bambo ku Bulawayo pa galimoto yathu, ndigawireni nzeru

Moni nonse a m'gulu lino. Ndilemba zambiri, mundipirire.

Ndimakhala pa Dedza boma koma kwathu ndi ku Ntcheu kwa Ganya. Bambo anga ali ndi zaka 83. Ali mnyamata anapita ku Halale nthawi ya Chitaganya, n'kukathera ku Bulawayo komwe anagwira ntchito ku njanji zaka zoposa khumi akukhala ku Makokoba. Chimwalirireni mayi chaka chatha, nkhani yawo ndi imodzi basi: akufuna akaoneko komwe anasiya mphamvu zawo maso akadali kuona. Usiku amatha kukutchulira misewu ya kumeneko umodziumodzi, pomwe zimene adya masana aiwala.

Ndiye tinaganiza kuti holide ikubwerayi tipite banja lonse, ine, bambo a kunyumba, ana atatu ndi agogowo, pa Sienta yathu. Titulukire pa boda ya Dedza pompano, tilowe Calomue, tidutse Ulongwe ndi Moatize mpaka Tete, tikawoloke Zambezi n'kukalowa Zimbabwe pa Nyamapanda. Tikapuma ku Harare titsikire ku Masvingo, chifukwa mwana wanga wa Folomu 3 waumirira kuti akaone Great Zimbabwe yomwe amangoiona m'buku, kenako Bulawayo.

Pomwe pandisowetsa tulo ndi apa. Bambo ali ndi BP komanso shuga. Achimwene anga akuti ndikufuna kupha nkhalamba ndi ulendo, ndipo ndalamazo bola kugulira feteleza. Bambo a kunyumba sakukana, koma sanayendetsepo galimoto kunja kwa dziko lino. Munayendapo njirayi, pamafunika mapepala anji? Disembala ndi Ogasiti wabwino ndi uti? Nanga masiku khumi angakwane osamutopetsa munthu wamkulu?

Dalaivala wa thiraki, Lizulu:
Mayi, njira imeneyi ndi munda wanga. Za Disembala iwalani. Inu mwazolowera mphepo ya pa Dedza, ku Tete ndi chigwa, kuyambira Okutobala kumatentha moti madzi a m'botolo amasanduka osamba. Munthu wa BP musamudutsitseko nthawi imeneyo. Pitani Ogasiti, munyamuke boda ikangotsegulidwa. Mapepala: pasipoti aliyense yakeyake ndi ana omwe, laisensi, blue book ya dzina lanu, kalata ya apolisi yosonyeza kuti galimoto si yakuba, ndi COMESA yellow card ya inshuwalansi. Koma dziwani kuti Mozambique sali mu COMESA, ndiye inshuwalansi yawo mukagula padera pa boda, komanso akakulemberani TIP, chilolezo cholowetsera galimoto kwa masiku ochepa. Ma triangle awiri ndi chijekete chowala chija zikhale pafupi, osati pansi pa zikwama. Pomwe alemba 60 yendani 60. Usiku musayende.

Mayi wa ku Bembeke:
Ine ndili mbali ya achimwene anuwo, mundikhululukire. Sienta anthu sikisi ndi katundu wa masiku khumi, agogo atambasula pati miyendo? Akakadwalira m'njira, chinenero cha eni ake simuchidziwa, mukatani?

Wofunsa:
Mayi, mantha amenewo ndili nawo inenso, sindikubisa. Koma ndikawayang'ana atakhala pakhonde atagwira chikalata chawo cha ku njanji chomwe chinachita kuyezuka ndi zaka, mtima sukundilola kuwauza kuti zakanika.

Mlamu wanu wa ku Angonia:
Za chinenero musade nkhawa kwambiri. Kuchokera pa Calomue mpaka Ulongwe ndi anthu amodzi ndi inu, Chichewa chokhachokha, ena ndi abale anu enieni a ku Ntcheu. Ku Tete amayankhula Chinyungwe, mukatchera khutu mumvana. Sinthani ndalama pang'ono mukhale ndi metikali ya mafuta ndi chakudya. Mukagone ku Tete tsiku loyamba, pezani chipinda cha mphepo yozizira, madzulo ana akaone mlatho wa Samora Machel pa Zambezi.

Mphunzitsi wa mbiri yakale, Ntcheu:
Mwana wanuyo ali ndi nzeru, mumumvere. Great Zimbabwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mu Masvingo, ndipo munthu ukaima pansi pa khoma lija, lotalika mamita 11 malo ena, miyala yongosanja popanda dothi kapena simenti, umasowa chonena. Anamanga ndi makolo a Ashona zaka mazanamazana Azungu asanafike, ndipo dzina la dziko lonse linachokera pamenepo. Agogo asakwere ku phiri kuja, njira yake ndi yothina komanso yotsetsereka, koma ku mpanda waukulu wa m'munsi akhoza kuyenda pang'onopang'ono. Ku Bulawayo inu Angoni a kwa Gomani mukamva mawu a Chindebele ofanana ndi a m'nyimbo zathu za ngoma, pakuti ndi mzinda wa Lobengula mwana wa Mzilikazi, omwe anachokera kummwera ngati makolo athu. Kuli nyumba yosungiramo masitima akale pafupi ndi siteshoni, kumeneko ndiye muwapatse bambo tsiku lonse. Nthawi ikatsala kafikeni ku Matobo mukaone zojambula za pamiyala. Ndipo musananyamuke apititseni anawo akaone zojambula za pamiyala za ku Chongoni pakhomo panu pomwepo, komwe UNESCO inakuzindikira mu 2006, kuti akakhale ndi chofanizira.

Dalaivala wa thiraki, Lizulu:
Ndiwonjezere za masiku. Nyamapanda kukafika Harare ndi makilomita pafupifupi 240, Harare kukafika Masvingo cha m'ma 290, Masvingo kukafika Bulawayo cha m'ma 280, pobwerera Bulawayo mpaka Harare 440. Masiku sikisi kapena seveni athera mumsewu. Ndi munthu wamkulu ikani 12. Ku Zimbabwe nyamulani madola a America ang'onoang'ono a pa tollgate, ndipo ndi mmene forex ikuvutiramu yambani kufunsa ku banki panopa.

Namwino wopuma pa ntchito:
Musanalipire chilichonse, apite kaye akawaone adokotala ndipo muwauze za ulendowu mosabisa. Akalola, tengani mankhwala a mwezi wathunthu m'mapaketi ake, buku lawo la kuchipatala ndi kamakina koyezera shuga. Muziima pakatha maola awiri aliwonse atsike ayendeyende. Wa shuga asadumphitse chakudya chifukwa cha mzere wa pa boda.

Membala wobisa dzina:
Agogo anga anapita ku Bulawayo komweko ndipo sanabwerenso, anasanduka mtchona. Manda awo sitikuwadziwa. Mukafika ku Makokoba mudzatijambulireko misewu yake tidzaone ife a kuno.

Wofunsa:
Zikomo nonse, ndalemba m'kope. Disembala tamusiya, tikonzekera Ogasiti, ndipo Lolemba ndipita nawo bambo kuchipatala. Achimwene ndikakhala nawo pansi Loweruka ku mudzi, mwina atabwera nawo pa ulendowu mtima ungakhale m'malo, kungoti tikatero Sienta yachepa. Alipo amene anatulukapo ndi galimoto yobwereka kwa m'bale? Kalata ya mwini wake imalembedwa bwanji kuti pa boda asatibweze?