i5-6600K yanga ndiikweze liwiro, kapena kutentha kwa Okutobala kundiphera?

Wa ku Chilomoni:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Achimwene anga anandibweretsera kompyuta kuchokera ku Joni chaka chatha, yakale koma yolimba: purosesa ndi Intel Core i5-6600K, bolodi ya Z170, khadi ya zithunzi GTX 1060 ya 6GB, RAM ya 8GB imodzi yokha. Madzulo ndikaweruka ndimasewera Counter-Strike 2. Ndikamangoyenda ndekha ma FPS (chiwerengero cha zithunzi pa sekondi) amafika 130, koma wina akangoponya bomba la utsi n'kuyamba kuwomberana, amagwa mpaka cha m'ma 60 ndipo chithunzi chimachita kudodoma.

Ndamva kuti K ali kumapeto kwa dzinayo akusonyeza kuti purosesayi imalola overclock, kutanthauza kuikweza liwiro kuposa la ku fakitale. Ndikufunitsitsa, koma mtima ukukana. Chipinda changa n'chamalata chopanda siling'i, masana mumakhala ngati mu uvuni. Komanso magetsi kuno amathima mosachenjeza. Makina omwewa ndi amene ndimapangira makadi a ukwati ndi a zinkhoswe, ndiye akapsa ndiye kuti ndalama yanga ya ndiwo yapsera pomwepo. Ndiyambire pati?

Wokonza makompyuta ku Limbe:

Achimwene, musanakhudze BIOS (pulogalamu ya pa bolodi momwe mumasinthira manambala a purosesa), tsegulani kaye bokosilo muone chimene chakhala pamwamba pa purosesa. Ma 6600K ankagulitsidwa opanda choziziritsira m'katoni, ndiye mwini woyambayo anaikapo chake. Ngati ndi kafani kakang'ono kozungulira kaja, iwalani za overclock mpaka mutapeza chachikulu chokhala ndi mapaipi a kopa, monga Hyper 212. Ngati chachikulucho chilipo kale, chichotseni, mupukute thermal paste yakale (phala lopakidwa pakati pa purosesa ndi choziziritsira), muike yatsopano kadontho ngati njere ya nandolo. Purosesayi inatuluka mu 2015, ndipo makina ambiri a zaka zimenezo akabwera pa benchi yanga paste imakhala itauma gwa ngati dothi la m'chilimwe. Fumbi nalonso lipemerereni panja. Ndaonapo kutentha kukutsika ndi madigiri 10 chifukwa cha ntchito imeneyi yokha.

Tsopano masamu ake. Liwiro la purosesa ndi 100 MHz kuchulukitsa ndi nambala yomwe amaitcha multiplier kapena core ratio. Yanuyo imayambira pa 35, ndiye 3.5 GHz. Pakatoni amalemba kuti imafika 3.9, koma ndi pamene core imodzi yokha (mwa zigawo zinayi za purosesa) ikugwira ntchito. Zinayi zonse zikakhala pakalikiliki imakhala pa 3.6. Mukaika 44 pa zonse zinayi, mwawonjezera kuposa gawo limodzi mwa magawo asanu. Si zochepa.

Koma musalumphire pa 44. Yambani ndi 41, voteji muiike nokha pa 1.25, osasiya pa Auto, chifukwa Auto imakonda kuthira moto wambiri kuposa wofunika. Lowani mu Windows, yatsani HWiNFO kuti muziona kutentha, muthamangitse Cinebench kapena OCCT (mapulogalamu oyesera purosesa poipanikiza) kwa mphindi 30. Ikapirira, kwezani ndi 1. Ikazima kapena kuonetsa sikirini ya buluu, onjezerani voteji pang'ono, 0.01 kapena 0.02 basi. Ine pa makina a kasitomala sindidutsa 1.35, ndipo kutentha kukapitirira madigiri 80 poyesa ndimabwerera m'mbuyo. Purosesa imadziteteza yokha ikafika pa 100, imachepetsa liwiro, koma kumeneko si kokhala tsiku ndi tsiku.

Ndipo muyese masana dzuwa lili paliwombo, mawindo ali mmene amakhalira masiku onse. Zimene zapirira 2 koloko masana mu Okutobala zipirira chaka chonse. Zoyesa usiku wa mu Juni zimanamiza.

Mlongo wa ku Area 25:

Zonse anenazo n'zoona, koma ine diso langa lagwera pa RAM. Imodzi yokha? Vuto lanu lalikulu likhoza kukhala pamenepo, achimwene. RAM ikakhala imodzi, purosesa imatunga deta kudzera pa njira imodzi m'malo mwa ziwiri, ndipo masewera ngati amenewo amamva msanga. Ine ndinavutika miyezi itatu ndikukankha multiplier, kudodoma osatha. Tsiku lomwe ndinagula ina ya 8GB yofanana nayo n'kuziika m'mabowo oyenera (pa mabolodi ambiri a mabowo anayi ndi lachiwiri ndi lachinayi kuchokera ku purosesa, koma onani buku la bolodi yanu), masewera anasalala ngati ndagula makina atsopano.

Onaninso mu pulogalamu ya CPU-Z liwiro lomwe RAM ikuyendera. DDR4 pa mabolodi amenewo imayambira pa 2133 ngakhale pachikuto palembedwe 3000, mpaka mutayatsa XMP mu BIOS, yomwe imalola RAM kuyenda pa liwiro lolembedwalo. Musadabwe CPU-Z ikaonetsa 1066, imaonetsa theka.

China: yatsani MSI Afterburner mukamasewera, ikuonetsani kuchuluka kwa ntchito yomwe khadi ndi purosesa zikugwira. Khadi ya zithunzi ikakhala pa 98 kapena 99 peresenti, ndiye kuti yatopa ndi iyoyo, overclock ya purosesa sikupatsani kanthu. Ikamangosewera m'ma 60 pomwe ma core onse anayi ali pa 100, pamenepo ndiye kwezani.

Wa ku Nchalo:

Za magetsi ndiyankhe ine, poti zinandionekera. Kuthima kwa magetsi pakokha sikuotcha purosesa chifukwa choti mwaikweza. Choopsa ndi pamene akubwerera, komanso power supply (kabokosi kogawa magetsi mu kompyuta) yotchipa yopanda dzina. Yanga inaphulika usiku wina magetsi atangobwera, inatenga ndi bolodi yomwe. Werengani chomata cha pa power supply yanu, ndipo magetsi akathima muzizula pulagi kukhoma. Gulani UPS (batire yosunga magetsi akathima) ngati thumba likulola. Osayerekeza kuika BIOS yatsopano tsiku loti magetsi akuphethira.

Makina akakana kuyaka mutasintha manambala, musalire. Zulani pulagi, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 pa bolodi, dikirani mphindi zingapo, bwezerani. Zonse zibwerera mwakale. Kuno kuchigwa ine ndinaima pa 4.2 GHz, kutentha kwathu mukukudziwa.

Wa ku Chilomoni:

Zikomo nonse, ndabwera ndi lipoti. Choziziritsira ndi chachikulu chamapaipi anayi, koma fumbi linali litatseka zipsepse zonse ngati bulangeti. Nditatsuka n'kusintha paste, kutentha pa Cinebench kunatsika kuchoka pa madigiri 78 kufika pa 66 ndisanakweze kalikonse. Afterburner inaonetsa zimene alongo ananena: khadi pa 65 peresenti, purosesa pa 100 peresenti.

Loweruka ndinakhalira zimenezi kuyambira 11 koloko. Pa 44 ndi 1.30 inapirira ola lathunthu, kutentha kufika 79. Pa 45 inazima pasanathe mphindi zisanu, ndipo sindinafune kuwonjezera voteji poti 80 ndinali nditaiyandikira kale. Ndabwerera pa 44. Mu utsi ma FPS tsopano akumagwa m'ma 80, kudodoma kwachepa koma sikunatheretu.

RAM yanga ndi ya 2400, XMP ndayatsa. Mwezi ukatha ndikufuna yachiwiri. Alongo, ikapezeka ya 8GB ya 2400 koma ya kampani ina, nditenge, kapena ndidikire yofanana ndendende?