Sony a7R IV kapena Nikon Z7 II? Ndithandizeni amwene ndisanatumize ndalama

wojambula_paChitakale

Moni nonse muno. Ine ndimajambula kuno ku Mulanje, maukwati, zinkhoswe, ma graduation ndi zina zotero, koma masiku ano ntchito yayamba kusintha, ndikumapeza anthu a malo ogona alendo akufuna zithunzi zikuluzikulu za phiri ndi minda ya tiyi zoti apachike pakhoma, ena akuti za kalendala, nde ka Nikon D750 kanga kayamba kuchepa, ma megapixel 24 aja ukati udule chithunzi pang'ono kenako usindikize chachikulu zimaoneka ndithu kuti wakakamiza. Alamu anga ali ku Johannesburg andipezera makamera awiri ogwiritsidwapo kale ntchito, Sony a7R IV ndi Nikon Z7 II, mitengo yake sikusiyana kwenikweni, ndipo akubwera kumudzi posachedwapa nde akufuna ndiwauze msanga kuti atenge iti.

Mtima wanga uli pa Sony chifukwa cha ma megapixel 61 aja, Nikon ndi 45.7 basi. Koma ma lens anga onse ndi a Nikon, ndili ndi AF-S 24-70 f/2.8, 80-200 f/2.8 D yakale ija, ka 50 f/1.8 D, flash SB-700 ndi mabatire angapo. Ndalama yake ndasonkhanitsa movutikira kwambiri ndipo sindingathe kugula kawiri. Komanso ndimafuna ndizijambula tchopa pa Mulhako ku Chonde ndi Porters Race, zinthu zothamanga. Amene mwagwirapo makamera amenewa ndiuzeni chilungamo chonde.

mkulu_wapaLuchenza

Achimwene, tiyeni tiyambe ndi 61 yakusokonezaniyo. Chithunzi cha a7R IV chimatuluka 9504 ndi 6336, cha Z7 II ndi 8256 ndi 5504. Mukasindikiza pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), Sony ikupatsani pafupifupi 80cm m'litali, Nikon pafupifupi 70cm, D750 yanuyo imathera cha m'ma 51cm. Mwaona? Kuchoka pa D750 kupita pa iliyonse mwa awiriwa ndiye kulumpha kwenikweniko, koma pakati pa awiriwa kusiyana kwake ndi masentimita khumi okha, ndipo chithunzi cha pakhoma munthu sachiyang'ana atagunditsa mphuno, amaima patali. Palibe kasitomala amene adzakufunseni kuti Chambe uyu munamujambula ndi 45 kapena 61.

Chimene ine ndikuona ndi katundu amene muli naye kale. Mukatenga Z7 II mungowonjezera adaputa ya FTZ yolumikizira ma lens akale a Nikon ku makamera a Z, 24-70 yanuyo igwira bwinobwino ndi autofocus yake, SB-700 ikwera popanda vuto, mabatire a EN-EL15 a mu D750 amalowa mu Z7 II, kungoti akalewo satchajika ali m'kamera momwemo pa USB ndipo sakhalitsa ngati EN-EL15c yomwe imabwera nayo. Ma menu ndi omwe aja munawazolowera, zala zanu zikudziwa kale kopita. Pamene mukatenga Sony ndiye kuti mwagula thupi lokha, mawa lake muli ndi ukwati, mujambula ndi chani? Muyenera kugula lens ina, flash ina, mabatire ena, zonse mu ndalama yakunja yomwe ikusowayi, ndipo za Nikon zanuzo mukati mugulitse kuno anthu amakunenererani mpaka umamva kuwawa.

Koma ndisakubisireni, ma lens anu awiri a D aja, 80-200 ndi ka 50, pa FTZ sachita autofocus. Amenewo amadalira mota ya m'kamera yomwe imazunguza ka sikuluwu, nde FTZ ilibe mota imeneyo, mudzazunguza ndi dzanja. Pa phiri palibe vuto, phiri silithawa, koma pa tchopa iwalani.

Chinanso chomwe anthu sachitchula, Z7 II imayambira pa ISO 64 (ISO ndi muyezo wa mmene kamera imamvera kuwala, ikakhala yotsika chithunzi chimakhala choyera bwino). Pa ntchito ya minda ya tiyi m'mawa dzuwa likungotuluka, kumwamba kwawala koma m'mizere ya tiyi muli mdima, ISO 64 ija imakulolani kukweza mithunzi mu Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, chithunzi osachita mchenga. Kwa ine munthu wojambula malo imeneyo ndi nkhani yaikulu kuposa ma megapixel.

mayi_wa_zithunzi_Bvumbwe

Ine ndikugwiritsa ntchito a7R IV yomweyo nde ndiyankhepo. Akulu a ku Luchenza anena zoona zambiri koma pa autofocus apapeputsa. Bambo mwati mukufuna tchopa ndi Porters Race, apo Sony ndi ina ndithu. Real-time tracking yake ukangoika kabokosi pa munthu imamutsatira olo atembenuke olo wina adutse kutsogolo, akayang'ananso kuno imabwerera pa diso yokha. Pa perekaniperekani anthu akuvina mothinana, mkwatibwi akubisika ndi azakhali ake, ine ndimangosamala za frame basi, za focus ndinasiya kudandaula nazo. Z7 II ndinaigwirapo ya mnzanga, siyoipa ayi, diso imalipeza, koma munthu akamathamanga kapena muholo mukada imazengereza ndipo umafunika uzisinthasintha ma mode. Onse awiri amafika mafelemu 10 pa sekondi koma funso ndi loti mwa khumiwo akuthwa ndi angati.

Ndipo 61 ija phindu lake si kusindikiza kokha, ndi kudula. Ukaika pa APS-C mode, yomwe imangotenga pakati pa chithunzi, umatsala ndi ma megapixel 26, kuposa D750 yanu yonse, nde 200mm imakhala ngati 300mm. Nikon ikadula chimodzimodzi imatsala ndi 19 ndi theka. Wothamanga akutsika pa Likhubula inu muli patali, apo zimathandiza zedi.

Nkhani ya ma lens, ku Sony kuli Tamron ndi Sigma ambirimbiri ogwiritsidwapo kale, Tamron 28-75 f/2.8 ndi imene ine ndimadyera, yopepuka ndipo mtengo wake ndi wabwino poyerekeza ndi ya Sony yeniyeni. Pa a7R IV makhadi onse awiri ndi SD, omwe muli nawo kale a D750 alowa ngakhale othamanga a UHS-II ndiwo abwino, pamene Z7 II mpata umodzi ndi wa SD winawo ndi CFexpress kapena XQD, khadi yodula yomwe simungaipeze pa Chitakale, muyeneranso kugula chowerengera chake, ndipo pa ukwati simungajambule ndi khadi imodzi, ukwati subwerezedwa.

Koma pali mtanda wake, ndinene poyera. Ma file. RAW (file ya chithunzi chosakonzedwa, mmene kamera yachijambulira) yosapanikiza ndi pafupifupi 120MB chimodzi, yopanikiza cha m'ma 60MB, ndipo kamerayi ilibe lossless compressed (yopanikiza osataya kanthu) ngati mmene Nikon ilili nayo, nde umasankha pakati pa file yaikulu kwambiri kapena yotaya kanthu pang'ono. Ukwati umodzi hard drive imalira, laputopu ngati ndi yakale Lightroom imayenda mokoka miyendo, magetsi akathima uli pakati pa export umangogwira mutu. Ndipo zithunzi zonsezo eni ake amati titumizireni pa WhatsApp, yomwe imazifinya mpaka 61 ija osaonekanso. Nde muwerengere hard drive ndi RAM mu bajeti yanu, apo bii mudzadana nayo kamerayi popanda chifukwa.

wojambula_paChitakale

Eeh zikomo kwambiri nonse awiri, koma mwandiika pakati kwenikweni tsopano. Za 80-200 zija zandikhudza chifukwa ndi lens imene ndimajambulira mu tchalitchi ndili kumbuyo osasokoneza abusa. Nde ngati pa FTZ sichita autofocus ndiye kuti olo nditenge Nikon ndigulabe lens yaitali ina eti? Laputopu yanga ndi ya 8GB RAM, mayi mwandiopsa. Nanga mabatire paphiri, wina anakwerapo ndi makamera amenewa mpaka kugona komweko? Ntchito ina yomwe ndalonjezedwa ndi yojambula kuchokera ku Chisepo kupita pa Sapitwa.

mwana_wapaLikhubula

Biggy ine si wojambula kwenikweni, ndimaperekeza alendo kuphiri, koma makamera ndawanyamula ambiri nde ndikuuzeni zomwe ndimaona. M'ma hut mulibe potchajira, nde bwerani ndi mabatire okwanira ndi pawabanki, usiku muziwaika m'thumba la jekete kapena m'chikwama chogonamo chifukwa kuzizira kwa pa Chisepo mu June ndi July kumamaliza batire lisanagwire ntchito. Sapitwa ndi mamita 3,002, njira yake kumapeto ndi yokwawa m'miyala ndi kupyola m'mapanga, manja onse awiri amafunika, kamera ikhale m'chikwama osati pakhosi. Ndipo chiperoni sichichenjeza, kumwamba kuli mbee kenako mphindi zochepa nkhungu yakuta paliponse ndi kamvula kaja kosaleka, zonse zimanyowa olo mvula yeniyeni isagwe. Tengani pulasitiki yokutira ndi kansalu kouma, ndipo musamasinthe lens nkhungu ili pakati, ndaonapo alendo akudandaula madontho pa zithunzi zonse za tsikulo.

mkulu_wapaLuchenza

Pa mabatire mayi a ku Bvumbwe apambana, ndivomere. Pa muyezo wa CIPA, womwe opanga makamera amagwiritsa ntchito, batire la Sony la NP-FZ100 limapereka zithunzi 530 ukamayang'ana pa viewfinder, Z7 II ndi 360, ngakhale pogwira ntchito onse amapitirira pamenepo. Kungoti inu muli kale ndi mabatire a Nikon m'chikwama nde zimafananako. Kulemera sikusiyana koti nkudandaula, Sony 665g, Nikon 705g, cholemera ndi 24-70 yanuyo ndi adaputa yake.

Za 80-200, eya mugulabe ina tsiku lina, koma osati lero. D750 musaigulitse. Isiyeni ndi 80-200 yakeyo ikhale kamera yachiwiri ya mu tchalitchi, Z7 II ikhale ndi 24-70, batire limodzi likugwira konse, flash imodzi ikugwira konse. Mukapita ku Sony mudzakhala mukunyamula nyumba ziwiri zosalankhulana. Komanso dziwani ichi, Z mount, pakamwa pokwezerapo lens pa Nikon Z, ndi yotakata ndipo ili pafupi kwambiri ndi sensa, 16mm pamene Sony E ndi 18mm, nde kuli ma adaputa ngati Megadap oika ma lens a Sony pa Nikon Z ndi autofocus yomwe, koma lens ya Z singakwere pa Sony. Tamron nayonso inayamba kupanga ma lens a Z, 28-75 yomwe mayiwa akuitamayo iliko ya Z.

madala_a_studio_Thyolo

Ana anga ndawerenga zonse. Ine ndinayamba ndi filimu nde ndilankhula za zomwe zimapha makamera kuno kwathu, chifukwa nonse mukukamba zogula palibe akukamba zosunga. Thyolo ndi Mulanje ndi malo achinyezi, nchifukwa chake tiyi amakondwa kuno, ndipo chinyezi chomwecho chimameretsa chuku m'kati mwa lens, fungus ija, timizere tonga ukonde wa kangaude pa galasi. Kamera ya ma megapixel ambiri imaonetsa chilema chilichonse cha lens, nde musanatumize ndalama tengani 24-70 yanuyo, tsegulani mbali zonse ziwiri, walitsani tochi ya foni m'katimo muone. Ngati yadwala kale ndiye kuti nkhani yoti muli ndi ma lens a Nikon yafooka, pamenepo Sony ndi Tamron yake ikhoza kukhala njira yabwino. Ngati ili yoyera, ine ndili kumbali ya a ku Luchenza, tengani Nikon, chifukwa ntchito yomwe ikukupatsani ndalama yatsopanoyi ndi ya phiri ndi tiyi, tchopa ndi kamodzi pachaka mu October ndipo D750 imaikwanitsa.

Iliyonse mungatenge, musamasunge m'chikwama chonyowa mukatsika phiri. Gulani chibokosi cha pulasitiki chotseka bwino, muikemo silica gel wambiri, akakhuta chinyezi muzimuumitsa. Makamera opanda galasi lam'katiwa sensa imakhala poyera ukangochotsa lens, nde alamu anuwo akugulireninso kopopera mpweya ndi timitengo topukutira sensa ta full frame, chifukwa kuno wokonza makamera amenewa ndi wosowa ndipo chikawonongeka chachikulu ndi ulendo wa ku Joni. Ndipo tripod yolimba, mwana wanga. Ma megapixel 45 kapena 61 dzanja likangonjenjemera pang'ono mwabwerera pa 24 yanu ija, IBIS, kachipangizo ka m'kamera kochepetsa kunjenjemera, imathandiza koma mbandakucha pa munda wa tiyi pa f/8 ndi ISO 64 mufunika miyendo itatu.

mayi_wa_zithunzi_Bvumbwe

Madala anena bwino za tochi. Ine ndikadali pa Sony koma ndi laputopu ya 8GB komanso D750 yoti ikhalabe, ndikumvetsa chifukwa chake akukukokerani ku Nikon. Chomwe ndingapemphe, alamu anu asanalipire awauze ogulitsawo ajambule chithunzi chimodzi ndi kamera iliyonse, khoma loyera kapena kumwamba pa f/16, akutumizireni RAW yake pa Google Drive osati pa WhatsApp. Mu file imeneyo muona fumbi kapena zokala pa sensa, muwerenga shutter count (chiwerengero cha zithunzi zomwe kamerayo yajambula kale) pa intaneti, komanso muitsegule pa laputopu yanuyo muone nokha kuti ya 61 ikutenga nthawi yaitali bwanji poyerekeza ndi ya 45. Afunsenso ngati FTZ ili pa mtengo womwewo kapena ndi yapadera, ndipo risiti asaiwale chifukwa pa boda a MRA adzaifuna powerengera msonkho. Mukafuna kugwira a7R IV m'manja musanaganize, Loweruka ndili ndi chinkhoswe cha kufupi ndi Luchenza, ndilembereni ku inbox mubwere ndi khadi yanu.