Masitazi ya public policy kapena ya ubale wa mayiko: ndilowere kuti?

NaPhiri wa ku 25

Moni nonse. Ndili ndi zaka 32, ndimakhala ku Area 25, ndipo ndatha zaka 6 ndikugwira ntchito m'boma ku Capital Hill. Digiri yoyamba ndinaitenga ku Chanco, ya Public Administration. Tsopano ndikufuna yachiwiri, koma mtima wagawanika pakati pa public policy (maphunziro okonza ndi kuunika mfundo za boma) ndi ubale wa mayiko.

Mu Ogasiti 2021, pamene atsogoleri a SADC anakumana ku BICC, malo a misonkhano ikuluikulu kuno ku Lilongwe, ndinali m'gulu lothandiza alendo. Ndinaona akuluakulu a mayiko akukangana mpaka usiku pa liwu limodzi la m'chikalata, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikulakalaka maphunziro a ubale wa mayiko. Koma pa desiki panga vuto ndi lina. Akabwera makonsalitanti ndi lipoti lodzaza manambala, ndimangogwedeza mutu. Ndimamva ndithu kuti penapake pakuvuta, koma sinditha kuloza kuti ndi apa. Zimandipweteka, chifukwa mapulogalamu amenewo akukhudza anthu akwathu ku Mitundu.

Ndalama zolipirira ndekha kunja ndilibe, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndili ndi mwana wa zaka 4. Amene munadutsamo, ndiuzeni zoona.

Chimwemwe_Erfurt

Achemwali, funso lanu mwaliyankha kale nokha pamene mwanena za lipoti lija. Chimene chikukusowetsani tulo ndi manambala, ndiye pitani kumene amaphunzitsa manambala.

Ine ndinapita ku Germany pa sikolashipu yotchedwa Helmut-Schmidt-Programme, ya bungwe la maphunziro la ku Germany la DAAD, ndinaphunzira ku Willy Brandt School ku Erfurt zaka ziwiri. Semesita yoyamba inandiliza. Economics ndi statistics ndinali nditazisiya kalekale, ndipo ndinkakhala mu laibulale mpaka atatseka. Koma lero munthu akandiuza kuti pulogalamu yake yachepetsa umphawi, ndimamufunsa kuti anayerekeza ndi ndani, anthu anawasankha bwanji, ndipo amene anasiyira panjira anawawerenga kapena ayi. Mafunso atatu amenewo asintha momwe anthu amandionera m'misonkhano.

Anzanga amene anachita International Relations, ubale wa mayiko uja, anawerenga kwambiri mbiri, malamulo a pakati pa mayiko ndi maganizo a akatswiri pa nkhondo ndi mtendere. Ndi maphunziro okoma, sindikuwanyoza. Koma taganizani zimene Malawi amakambirana ndi anzake: misonkho ya pamalire ku COMESA ku Lusaka, msika wa Africa yonse wa AfCFTA, ngongole ndi IMF, katundu wodutsa pa Nacala ndi Beira. Pa tebulo lotere amafuna munthu wodziwa kuti tikatsitsa msonkho wa shuga kapena simenti, boma litaya zingati ndipo alimi apindula chiyani. Masukulu ambiri a public policy amalolanso kusankha makosi a zamayiko m'chaka chachiwiri, ndiye BICC yanu ija simuitaya.

Maphunziro ndi a m'Chingerezi, ngakhale amayamba akuphunzitsani Chijeremani. Kuzizira kokha konzekerani, Juni wa ku Dedza ndi masewera.

Agogo a Tadala

Mwana wanga, ine ndinapuma m'boma nditagwira zaka 31, ndiye ndilankhulako za kunyumba ndi za ku ofesi, zimene achinyamata amaiwala akaona kalata ya ku Ulaya.

Usanalembe fomu iliyonse, kakhale pansi ndi a HR pa unduna wako, ufunse za study leave (tchuthi cha maphunziro) ndi bond (pangano loti udzabwerera kudzagwira ntchito m'boma), chifukwa nkhani zimenezi zimakafika ku DHRMD, dipatimenti yoona za ogwira ntchito m'boma, ndipo sizitha sabata imodzi. Ndinaona mtsikana wina wanzeru atapeza malo, koma makalata atuluka sukulu itatsegulira kale.

Chachiwiri, usapeputse za pano. Ku Zomba, dipatimenti yomwe inakuphunzitsa ija ili ndi masitazi, ndipo ambiri amaphunzira ali pa ntchito. Kafukufuku wako ukhoza kukachitira ku Mitundu komweko, mwana ukumuona akukula. Pa makosi afupiafupi pali Malawi School of Government pa Kanengo pompa, yomwe inabadwa ataphatikiza Malawi Institute of Management (MIM) ndi sukulu yophunzitsa ogwira ntchito m'boma ya ku Mpemba. Ukakopeka ndi masukulu a pa intaneti, yamba wafunsa ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ngati pepala lawo limazindikirika. Ine popita kukaphunzira ndinasiya ana ndi apongozi chaka chathunthu. Digiri ndinabwera nayo, koma wamng'ono anatha miyezi akunditcha anti.

Yamikani_Biwi

Asisi, ngati zaka ziwiri zikukuchulukirani, yesani Chevening, sikolashipu ya boma la UK. Masitazi ya ku UK ndi chaka chimodzi, amafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, musankhe makosi atatu, ndipo mukamaliza mubwerere kuno kwa zaka zosachepera ziwiri. Amatsegula mu Ogasiti. Ma essay ake musalembe zoti mukufuna kutukula Malawi, aliyense amalemba zomwezo. Lembani za lipoti lija ndi tsiku limene munalephera kulitsutsa. Ireland nayonso imapereka masikolashipu kudzera ku ofesi ya kazembe wawo kuno ku Lilongwe, ndipo ogwira ntchito m'boma amapitanso ku Korea pa sikolashipu ya KOICA, bungwe la chithandizo la dzikolo. Sikolashipu ya ku South Africa ya Mandela Rhodes yokha yakudutsani, imathera pa zaka 29.

NaPhiri wa ku 25

Zikomo kwambiri nonse. Agogo, mawu a mwana wanu aja andikhala pamtima, ndawawerengera bambo a kunyumba ndipo takambirana mpaka magetsi atabwera. Tagwirizana kuti zaka ziwiri kunja sizitheka, koma chimodzi tingapirire, amayi anga abwera kudzakhala nafe. Ndilemba Chevening pa makosi a public policy, ndipo ikakanika ndilowa ku Zomba. Lolemba ndikaonana ndi a HR.

Achimwene a ku Erfurt, ndithandizeni pa chimodzi: statistics ndinaisiya m'chaka chachiwiri ku Chanco. Pa miyezi yatsalayi, madzulo mwana akagona, ndiyambire pati kuti semesita yoyamba isadzandilize ngati inu?