Anzanga akubwera kudzasaka moose kuno ku Alaska, ndikawaperekeza ndiye kuti ndasanduka gayidi wopanda laisensi?

Mlenje907:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ndimakhala ku Wasilla, laisensi yanga yosakira ndi ya resident, kaboti ndili nako, matenti aliponso. Mu September anzanga awiri akufuna abwere tikasake limodzi moose, chinyama chachikulu cha nyanga chokhala ngati mphalapala, wina amakhala ku Dallas ali ndi green card, winayo ndi msuweni wanga akuchokera ku Lilongwe pa viza ya alendo. Wa ku Dallas uja akuti mafuta a boti ndi zakudya alipira yekha, ndiye akufunanso andipatse $1,000 poti sabata yonseyo sindipita kuntchito. Mayi akunyumba akuti ndisayerekeze kulandira, ndimangidwa. Ine sindikuchita bizinesi, ndi anzanga enieni awa, ndiye malire ake ali pati kwenikweni?

AnkoloFairbanks:
Achimwene mverani mayiwo, akunena zoona. Lamulo la Alaska silifunsa ngati munthuyo ndi mnzanu kapena munakulira limodzi, limafunsa ngati mwalandira malipiro, kapena mwangogwirizana kuti mudzalandira, chifukwa chokhala ndi mlenje kutchire mukumuthandiza kusaka nyama zikuluzikulu. Mukatero ndiye kuti mukugwira ntchito ya gayidi, ndipo imeneyo imafuna laisensi ya Big Game Commercial Services Board, bungwe la boma la Alaska loyang'anira magayidi. Chimene lamulo limachichotsa pa malipiro ndi kubwezerana ndalama zimene zagwiradi ntchito paulendo. Ndiye mafuta, zakudya, gasi wophikira, zimenezo sonkherani bwinobwino ndipo malisiti musunge. Koma $1,000 ija si ya mafuta, ndi ya nthawi yanu, ndipo nthawi yanuyo ndi imene gayidi amagulitsa. Ikaneni. Musaisinthenso kuti m'malo mwa ndalama akugulireni mfuti kapena injini ya boti, mukagwirizana choncho ulendo usanachitike ndi malipiro ndithu angovala malaya ena.

Ineyo ndimakonda aliyense azilipira gawo lake, osati mlendo kusenza zonse, chifukwa mlendo akalipira chilichonse inu osatulutsa kanthu zimayamba kuoneka ngati anakulembani ganyu.

NyamaYaMphika:
Nkhani ya ndalama ankolo afotokoza, koma pali vuto lina lalikulu lomwe simunalione, ndi la msuweniyo. Munthu amene si nzika ya America komanso sakhala ku America, lamulo limamutchula nonresident alien, ndipo ameneyo saloledwa kusaka nyama yayikulu iliyonse, kaya moose, caribou (mtundu wa agwape), chimbalangondo, popanda gayidi wa laisensi. Olo musalandire ngakhale senti, olo akhale mchimwene wanu wa bere limodzi, sizitheka. Angathe kupita nanu kukaona, kuthandiza kunyamula nyama, kapena agule laisensi yake azisaka tinyama ting'onoting'ono ngati akalulu ndi mbalame zotchedwa ptarmigan, koma moose asaombe.

Wa ku Dallas ndi nonresident wamba, moose ndi caribou angasake popanda gayidi bola agule laisensi ndi tag yake yokhoma panyama asanapite kutchire, komanso muone malamulo a unit (dera losakira) imene mukupitayo poti amasiyana kwa alendo, malo ambiri amafuna nyanga zotambalala mainchesi 50. Koma akakaona chimbalangondo cha grizzly, nkhosa yakutchire ya Dall sheep kapena mbuzi ya m'mapiri asakhudze. Zitatu zimenezo mlendo amafunika gayidi, apo ayi wachibale wapafupi wokhala ku Alaska wa zaka 19 kupita m'mwamba. Ndipo wachibale akunenedwayo ndi bambo, mayi, mwana, mchimwene, mchemwali, agogo, mdzukulu, mkazi kapena mwamuna wako, alamu, apongozi. Msuweni mulibe, malume mulibe, mwana wa bambo aang'ono amene kwathu timangoti mchimwene nayenso mulibe.

Jah_Bless_265:
koma abale kutchire kuja angadziwe ndani kuti munthu wakupatsa ndalama? mnzako akuthokoze basi chalakwika nchani, ine ndikuona ngati mukumuopseza mkuluyu

AnkoloFairbanks:
Aise sitikumuopseza, ma Alaska Wildlife Troopers, apolisi oona za nyama zakutchire, amafika pamakampu ndi ndege komanso maboti nyengo yosaka, ndipo angathe kufunsa aliyense payekha, mwadziwana bwanji, boti ndi la ndani, walipira ndani. Mlendo sadziwa kuti pali vuto ndiye amangoyankha mosangalala kuti ndamupatsa kangachepe mnzangayu. Ena amadziulula okha pa Facebook ndi pa mameseji a foni. Ndiye taganizani, nyamayo ikakwera ndege kupita ku Texas yadutsa malire a state, pamenepo Lacey Act ya 1900, lamulo loletsa kudutsa malire ndi nyama yophedwa mosatsata malamulo, ingalowepo ndipo mlandu ukhala wa boma la federal, wa onse awiri osati woperekeza yekha. Chindapusa, kulandidwa mfuti ndi boti, kuletsedwa kusaka, ndipo ma state ambiri amauzana za anthu oletsedwa. Kwa munthu wa green card mlandu ngati umenewo si woseweretsa.

Komanso lamuloli silinangobwera. Magayidi amayamba ngati othandizira kwa zaka, amalemba mayeso, amakhala ndi madera awo ovomerezeka. Aliyense wokhala ndi boti atamalandira ndalama kwa "anzake" chaka ndi chaka palibe angadziwe kuti nyama zikupita kuti.

Mlenje907:
Zikomo kwambiri akuluakulu, za msuweniyo zandikhudza chifukwa amafunitsitsa kuomba yekha, koma ndimuimbira lero ndimufotokozere asanagule tikiti. Ndalama ija ndaikana kale, tigawana mafuta ndi zakudya patatu. Funso lina, nyama ya moose wa mnzangayo akandisiyira ina poti yonse sangakwere nayo ndege, zimenezonso ndi malipiro?

NyamaYaMphika:
Kupatsana nyama kumaloledwa, choletsedwa ndi kugulitsa, bola isakhale mtengo umene munapangana kuti mumuperekeze. Lembani fomu yopatsirana nyama ya transfer of possession, imapezeka m'kabuku ka malamulo osaka ka dipatimenti ya boma ya Fish and Game, asayine asananyamuke. Ndipo imbani ku ofesi yawo ya ku Palmer muwauze unit yanu ndi alendo anu awiriwo, ndi pafupi ndi kwanuko. Kutchireko musaiwale kutulutsa nyama yonse kaye, nyanga zimabwera ndi katundu womaliza.