Tichoso ta hummingbird tachepa ku Tucson, kodi ndi chilala?

Nachisale_AZ: Akuluakulu, August uno tichoso ta hummingbird (timbalame ting'onoting'ono toyamwa timadzi ta maluwa) ta mtundu wa rufous tikuoneka patalipatali kuno ku Tucson, mzinda wa ku Arizona ku America, ndipo mvula ya monsoon (yomwe imagwa kuno nyengo yotentha ino) yavuta. Vuto ndi chilala kodi? Nanga madzi a shuga angathandize?

Mlondambalame: Chilala chikukhudzapo ndithu, achemwali. Rufous amachoka ku Mexico n'kukafika mpaka ku Alaska, ulendo wa makilomita pafupifupi 6,000, kudzera m'mbali mwa nyanja ya Pacific. Pobwerera, mu July ndi August, amatsata mapiri a Rocky chifukwa cha maluwa a m'madambo a kumtunda. Kambalameka kamalemera magalamu 3 kapena 4 basi, choncho kamaima panjira masiku angapo kuti kanenepe, kenako n'kupitirira. Mvula ikakanika maluwa amachepa, timadzi take timachepanso, ndipo tizilombo touluka timasowa. Apa ndi pomwe ambiri amaiwala. Timadzi ta maluwa ndi nsima chabe, ndiwo zake ndi tizilombo ndi akangaude.

Gogo_Denver: Komabe musaweruze ndi pakhomo pamodzi. Chaka cha chilala nthawi zina mbalamezi zimaunjikana pa mabotolo a madzi a shuga amene anthu amazipachikira poti kutchire kulibe kanthu, ndipo mvula ikagwa bwino zimamwazikana. Chodetsa nkhawa ndi kalembera wa zaka zambiri: rufous atsika ndi pafupifupi 60 peresenti kuchokera mu 1970, ndipo dera lanulo lakhala pa chilala chachikulu kuyambira 2000.

Kachoso77: Za shugazo, sakanizani kapu imodzi ya shuga woyera ndi makapu 4 a madzi, wiritsani pang'ono, muziziritse. Uchi ayi, umameretsa nkhungu yomwe imadwalitsa lilime la mbalame. Shuga wabulauni ayinso, ali ndi ayironi wowononga chiwindi chake. Utoto wofiira ndi wosafunika, kufiira kwa botolo n'kokwanira. Kutentha kwa ku Tucson madziwo amasasa msanga, ndiye muzisintha tsiku lililonse kapena pakapita masiku awiri. Akayamba kuchita mbuu, tayani, tsukani botolo ndi madzi otentha ndi viniga, makamaka timabowo tomwera.

Rufous ndi wandewu kwabasi, mmodzi amatha kulanda botolo lonse n'kumathamangitsa anzake. Pachikani mabotolo awiri kapena atatu pamthunzi, moti amene ali pa botolo lina asaone linzake. Ndipo ngati muli ndi malo, dzalani maluwa a salvia, penstemon ndi agastache, amapirira ng'amba. Mankhwala ophera tizilombo musapoperepo.