Hosi ikugwedera pa 80, abalansa kawiri koma sizikusintha

Makaniki wa ku Kanengo: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi hosi (mutu wa thiraki wokoka ngolo) ya 6x4 pano, matayala ake ndi 315/80R22.5, imayenda Beira kukatenga feteleza. Eni ake anagula matayala awiri atsopano akutsogolo. Chiikireni matayalawo, ikangofika pakati pa 75 ndi 85 chiwongolero chikugwedera moti dalaivala akuti asanafike n'ku Dedza komwe manja amakhala atachita dzanzi. Kutsika pa 70 ili phee. Kumene anagula matayalako abalansa kawiri, alaimenti apanganso. Pano abwana akuti ndisinthe ma kingpin, zitsulo zija mawilo akutsogolo amakhoterapo. Ndajeka, ndapikula ndi chitsulo, ma kingpin sakusewera, ma tie rod end ali bwino, maberingi sakulira. Ndisanawaonongetse ndalama, ndiyang'anenso pati?

Dalaivala wa Dar: Achimwene, mufunseni kaye dalaivala wanuyo kuti akuimva pati. M'manja mokha, kapena ndi pampando pomwe? Ikakhala m'manja vuto lili kutsogolo. Ikamakubaya kumsana ndi m'matako, yang'anani madabulo akumbuyo (matayala oikidwa awiriawiri aja) kapena propshaft, chitsulo chozungulira chopititsa mphamvu ku mawilo akumbuyo. Mumufunsenso ngati imatero itanyamula kapena ili yopanda kanthu.

Makaniki wa ku Kanengo: Akuti kwambiri m'manja, pampando pang'ono. Itanyamula ndi isananyamule chimodzimodzi, kungoti ikakhala yopepuka imanyanya.

Wa ku Joni: Propshaft muichotse kaye m'maganizo ndi mayeso amodzi. Fikani pa spidi imene ikugwederayo, chotsani phazi pamoto, kenako pondaninso. Musinthenso giya koma spidi ikhale yomweyo. Ngati kugwederako kukutsata spidi ya pamsewu basi, osasamala za giya kapena moto, nkhani ili ku mawilo. Mamvekedwe akenso amasiyana. Tayala la saizi imeneyo likazungulira kamodzi limayenda mamita atatu ndi kachidutswa, ndiye pa 80 limazungulira pafupifupi ka 7 pa sekondi, mumachita kumva kugunda kulikonse pakokha. Propshaft imazungulira mwina katatu kuposa pamenepo, imangong'ung'udza pansi pa kabini ndipo magalasi am'mbali amachita chizirezire.

Mwana wa Sipanala: Bwanji osangothira timikanda tobalansira tija m'kati mwa tayala? Kugalaja kwathu abwana amatero, zimatheka.

Mdala wa Matayala, Limbe: Mwanawe, timikandato timagwira ntchito pa tayala lozungulira bwino limene langolemera mbali imodzi. Pano funso lenileni silinafunsidwe n'komwe. Wa ku Kanengo, anthuwo abalansa kawiri, chabwino. Alipo amene wayeza ngati wilolo likuzungulira mowongoka? Mashini obalansira amangokuuzani kumene kwalemera. Dzira mukhoza kulimata timiyala mpaka mashini atalemba ziro, koma poligubuduza lidumphabe.

Chitani izi. Ikani matabwa kumawilo akumbuyo, jekani ekisele yakutsogolo, muikhazike pa masitandi, osati pa jeke yokha. Mukachite galimoto itangobwera kumene kumsewu matayala akadali ofunda, chifukwa ikagona masiku itanyamula tayala limaphwatalala pamene lakhalira ndipo lingakunamizeni. Ngati muli ndi dial gauge, kawotchi koyezera kusewera kwa chinthu, ikani pakatikati pamene tayala limapondera. Ngati mulibe, mangirirani choko pa sitandi kuti chingotsala pang'ono kukhudza, muzungulize wilo pang'onopang'ono ndi dzanja. Chikalemba mbali imodzi yokha, kwinako n'kusiya mpata, mwalipeza. Tayala lakutsogolo likamakwera ndi kutsika kupitirira mamilimita awiri ndi theka, dalaivala amva ndithu. Muyezenso cham'mbali, kuti muone ngati likupepeluka.

Makaniki wa ku Kanengo: Madala, ndabwereka dial gauge kwa aneba okonza mainjini. Lakumanzere likusewera 1.5 mm. Lakumanja 4 mm yathunthu. Ndiye kuti tayala latsopanoli ndi lopindika? Ndiwauze alibweze?

Mdala wa Matayala, Limbe: Musathamange. Tayala latsopano lobadwa lopindika lilipo koma silichuluka. Olakwa kawirikawiri ndi atatu: mavalidwe a tayala pa rimu, rimu yeniyeniyo, ndi makhalidwe a rimu pa habu. Yambani ndi chosavuta. M'mbali mwa tayala, pafupi ndi mlomo wa rimu, muli kamzere kozungulira kamene fakitale inaikapo dala. Yezani mpata wa pakati pa kamzereko ndi mlomo wa rimu malo anayi, kunja ndi kukati komwe. Uyenera kufanana kuzungulira konse. Ukasiyana kupitirira milimita imodzi ndi theka, tayala silinakhale.

Mayi wa Mathiraki, Mzuzu: Zimenezi zinandionekera pa lole yanga ya Chiweta. Anyamata ovala matayala aja ntchito ikawachulukira amavala mouma, kapena amapaka oyilo wakuda wa injini. Ena dizilo. Oyilo amadya labala, pakapita nthawi mlomo wa tayala umafewa. Ine pano ndimaima pomwepo mpaka ndione kuti apaka mafuta ake ovalira matayala, pa tayala ndi pa rimu pomwe.

Dalaivala wa Dar: Ndiye palinso aja opopa tayala ataliimiritsa chotsamira khoma. Kulemera kwa rimu kumalikokera mbali imodzi, mpweya n'kulitsekera pomwepo.

Makaniki wa ku Kanengo: Mwalasa. Kunja kamzere kali bwino, koma kukati mbali ina kabisala pansi pa mlomo wa rimu, mbali inayo kali patali mamilimita anayi kapena asanu. Ndipo atamata zitsulo zobalansira zambirimbiri mbali imodzi, ndinadabwa nazo poyamba paja.

Mdala wa Matayala, Limbe: Zitsulo zikachuluka choncho pa tayala latsopano mudziwe kuti akubisa vuto lina. Chotsani zonse. Phwetsani, masulani milomo yonse iwiri. Rimu ikadali yokha, itsukeni dzimbiri ndi bulashi ya waya, muibweze pa habu yopanda tayala muiyeze pamene mlomo wa tayala umakhala. Maenje a M1 amapinda rimu osaoneka ndi maso. Ikakhala bwino pakani mafuta, goneketsani wilo pansi chathyathyathya, popani pang'ono mpaka milomo igwire, muonenso kamzere kaja. Pokwezera mpweya wonse lilowe mu khola lachitsulo ndipo pasakhale munthu woima patsogolo pake. Mpweya wa mabala 8 kapena kuposa ukaphulika supereka mpata wothawa. Kompuresa yanunso muzikhetsa madzi. Madzi akalowa m'tayala amayendayenda, kubalansa kwake sikutheka.

Wa ku Joni: Ndiwonjezere pa madalawo. Ngati pa tayalapo pali kadontho kofiira, ndi pamene lili lalitali kwambiri, mulozetse pa kachizindikiro ka rimu ngati kalipo. Kachikasu ndi mbali yopepuka, kamapita pa valavu. Onse akakhalapo, kofiira ndiko katsogole.

Mwana wa Sipanala: Ine ndimayesa timadontho timeneto n'tokongoletsa.

Makaniki wa ku Kanengo: Rimu ili bwino, sikufika n'milimita imodzi yomwe. Ndavalanso monga mwanenera, kamzere kafanana. Koma nditamanga pa galimoto likusewerabe 2.8 mm. Latsika, koma silinandisangalatse.

Mdala wa Matayala, Limbe: Chabwino, tatsala ndi habu. Lembani choko pamene pakwera kwambiri, pa tayala ndi pa dirama ya mabuleki. Masulani, tembenuzani wilo theka, mabowo asanu pa khumi aja, mumangenso n'kuyeza. Malo okwerawo akatsata tayala, vuto lili m'wilo. Akatsalira mbali yomwe ija ya dirama, ndi habu. Si manati amene amakhazika mawilo a masiku anowa pakati. Amakhalira timapewa ta pa habu. Timapewato tikadyeka kapena tikadzaza dzimbiri ndi penti, wilo limalendewera pansi pomanga, inu n'kulimangira pomwepo. Dirama nayo ili ndi pake pokhalira. Ikakwera pa dzimbiri imapendeka, wilo n'kupendeka nayo.

Mayi wa Mathiraki, Mzuzu: Ndi mamangidwe. Aja amangotenga mfuti ya mpweya n'kumaliza nati imodzi mpaka kulira, inzake isanakhudzidwe n'komwe.

Wa ku Joni: Eya mayi. Zungulizani habu kuti kapewa kamodzi kakhale pamwamba penipeni. Yambani ndi nati yapamwamba, kenako yapansi, muzidumpha modutsana, zonse pang'onopang'ono kaye. Pomaliza torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Manati a M22 ambiri amafuna cha m'ma 600 Nm, koma tsatirani buku la galimotoyo poti mafakitale amasiyana. Paipi yaitali yodumphirapo munthu ija imakoka ma stud, mabawuti a wilo aja, ndi kukulitsa mabowo a rimu. Ikayenda makilomita 50 mpaka 100 muwapimenso.

Makaniki wa ku Kanengo: Malo okwera anatsalira pa habu. Nditachotsa dirama ndapeza chikhakha cha dzimbiri kumbuyo kwake ndi pa timapewa tiwiri. Ndapala, ndamanga motsatana monga mwanenera. Pano ndi 1.2 mm. Ndatumiza onse awiri akabalansidwe, lakumanja langofuna kachitsulo kamodzi kakang'ono. Tayesa mpaka ku Nathenje ndi kubwerera, chiwongolero chili phee pa 80. Ma kingpin sindinawakhudze. Chatsala ndi kaja ka pampando, kakumvekabe ikakhala yopanda katundu.

Dalaivala wa Dar: Kameneko pitani kumbuyo. Onani kaye ngati pakati pa madabulo sipanakanirire mwala kapena matope ouma m'kati mwa rimu, nyengo ya mvula zimachitika. Mupapasenso ndi dzanja ngati palibe pamene linapalika mabuleki atagwira mwadzidzidzi, kapena chotupa cha mawaya olekana, makamaka ngati ndi ritiredi, tayala lakale lomatidwanso labala.

Mdala wa Matayala, Limbe: Ndipo mutenge tepi muzungulize tayala lililonse la madabulo litapopedwa. Awiri oyandikana asasiyane kupitirira 19 mm kuzungulira kwake. Akasiyana, lalikulu limasenza katundu lokha n'kumatentha, laling'ono limangokwekwereza ndi kudyeka mabangamabanga. Mpweya ufanane, lam'kati lija anthu amachita nalo ulesi. Mukaona tayala ladyeka mokumbikakumbika, mwina mashoko atha.

Makaniki wa ku Kanengo: Ndayeza. Ekisele yachiwiri kumanzere, lakunja ndi latsopano, lam'kati ndi lakale, akusiyana 30 mm. Abwana akuti mmawa ikuyenera kunyamuka, alibe ndalama ya tayala lina pano.

Mdala wa Matayala, Limbe: Sipafunika kugula. Yezani onse asanu ndi atatu, mulembe manambala ndi choko, muwakwatitse ofanana okhaokha. Akuluakulu asakathere pa ekisele imodzi, muwagawe kuti maekisele awiriwo afanane, mukapanda kutero madifu, magiya a pakati pa maekisele aja, azikokana.

Makaniki wa ku Kanengo: Ndayamba kale kumasula. Aliyense wa ku Kanengo kuno amene ali ndi soketi ya 33 ya torque wrench andibwereke, yanga yang'ambika.